ZA KALE NDI MAKEDZANA: M'mene Azungu Anakhalira pa Cisumbu ca Likoma

Munthu wocokera ku Chipata amene afuna kukaona cisumbu ca Likoma ayenera kulowa m'dziko la Malawi pa Mwami ndi kuyenda ulendo wa pamseu kufikira pa doko la Nkhata Bay. Pamenepo akwera sitima ya pamadzi, ndipo ataoloka nyanja maora angapo kulinga kum'mawa, mapiri a kumene wacokera ayamba kuzimirira, ndipo mapiri ena aatali aoneka patsogolo pace. Mapiri amenewo ndi a dziko la Mozambique. Ali pafupi kotero kuti munthu woima pa gombe la Likoma atha kuona utsi wa m'midzi ya tsidya lija. Koma nthaka imene mlendoyo apondapo potsika m'sitima si ya Mozambique ai. Ndi ya Malawi, ndipo sukulu, apolisi, ndalama ndi mbendera zonse ndi za Malawi.

Likoma ndi kacisumbu kakang'ono, ka makilomita ngati 8 m'litali mwace, ndipo munthu wamphamvu atha kukadutsa ndi miyendo dzuwa lisanafike pamutu. Kumadzulo kwace kuli cisumbu cinzace cocepa koposa, dzina lace Chizumulu. Ziwirizi pamodzi zipanga boma limodzi la dziko la Malawi, ndipo pa kalembera wa m'caka ca 2018 anthu ace anali oposa 14,000 pang'ono. Nthaka yace ndi ya miyala ndi mcenga. Mitengo yoculuka ndi milambe ndi mango, ndipo mbeu imene ilola kumera bwino ndi cinangwa. Komabe pakati pa miyala imeneyi paima chalichi lalikulu la mamita pafupi-fupi 100 m'litali, loposa machalichi ambiri a m'mizinda ikulu-ikulu ya Africa. Chalichi limeneli ndi malire odabwitsa aja zinabadwa m'nkhani imodzi.

Azungu asanafike, pa Likoma panali kale midzi ndi mafumu ace. Anthu ambiri anali Anyanja a ku gombe la kum'mawa, ndipo ena anali Atonga ocokera kumadzulo. Cimene cinaculukitsa anthu pa malo ouma otere ndi nkhondo. Awerengi a ku Cigawo ca Kum'mawa adziwa kuti Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'November 1835, tsiku limene kunacitika kadamsana, ndi kuti atamwalira iye ku dziko la Afipa, mtundu wace unagawikana. Gulu la Mpezeni linadzakhala ku dera la Chipata. Gulu lina linazungulira kumpoto kwa nyanja ndi kukakhala ku Songea, m'dziko limene lero lichedwa Tanzania, ndipo amenewa ndiwo anachedwa Magwangwara. Nyengo ya cilimwe ikafika, ankhondo ao anali kutsikira ku gombe, kutentha midzi, kulanda zakudya ndi kugwira anthu.

Kuonjezera apo panali malonda a ukapolo. Ku Nkhotakota kunali Jumbe, amene zombo zace zinali kuolotsa akapolo ndi minyanga kupita tsidya la kum'mawa, kumene ulendo wa pansi wopita ku Kilwa unali kuyambira. Mafumu a Ayao, monga Mataka ndi Makanjira, analemera ndi malonda omwewo. Anyanja a m'mphepete mwa madzi anapanikizika pakati. Ena anamanga malinga, ena anabisala m'mabango, ena anamanga timisasa pa mitengo yozika m'madzi. Amene anali ndi mabwato anathawira pa zisumbu, pakuti Angoni, angakhale anali oopsa pamtunda, sanali anthu a pamadzi.

Koma cisumbu cinapatsa anthu citetezo cabe, osati cakudya cokwanira. Nkhuni, nsungwi, udzu wofolerera nyumba, mitengo yosemera mabwato, ngakhale minda yeni-yeni ya mapira, zonse zinali kumtunda. Anthu a pa Likoma anali kuoloka kawiri-kawiri, ndipo abale ao, manda a makolo ao ndi mafumu ao aakulu anali tsidya lomwelo. M'maganizo a anthu a masiku amenewo, Likoma ndi gombe loyang'anana nalo linali dziko limodzi lokhala ndi madzi pakati. Mfundo imeneyi ndiyo ifunika kuisunga, cifukwa zonse zimene zinatsatira zinagunda pomwepa.

Njira imene Azungu anadzera inali yaitali ndi yokhota. Pa 4 December 1857 David Livingstone analankhula ku Cambridge, kupempha ophunzira a ku England kuti apite ku Africa. Pempho limenelo linabala bungwe la chalichi la Anglican lochedwa Universities' Mission to Central Africa, kapena U.M.C.A. mwacidule. Bishopu wao woyamba, Charles Mackenzie, anamanga mudzi pa Magomero m'caka ca 1861, koma anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862. Njala ndi nkhondo zinabalalitsa otsala, ndipo m'caka ca 1864 Bishopu Tozer anasamutsa nchito yonse kupita ku Zanzibar. Panapita zaka zambiri asanabwerere kunyanja, ndipo pobwerera anadzera njira ya akapolo yomwe ija, kucokera ku gombe la nyanja yamcere kulowa m'kati mwa dziko. Pamenepo n'kuti Askochi atafika kale ndi sitima yao yoyamba, Ilala, m'caka ca 1875.

Munthu amene anafikitsa U.M.C.A. kunyanja ndi wansembe William Percival Johnson. Anafika pa gombe la kum'mawa m'February 1882 pamodzi ndi mnzace Charles Janson, amene anamwalira patangopita masiku owerengeka. Johnson anatsala yekha, nayenda m'midzi ya Anyanja, kudya zimene iwo anali kudya ndi kuphunzira cinenero cao. Anaona kuti kumanga mudzi waukulu wa mishoni pamtunda kunali kuitana Magwangwara, ndi kuti mseu woona wa dzikolo unali nyanja. Motero m'caka ca 1884 anapita ku England kukapempha sitima. Pobwerera anadwala maso koopsa pa Quelimane, nacita khungu. Madokotala anabwezeretsa kuona pang'ono m'diso limodzi lokha, ndipo ndi diso limenelo anagwira nchito zaka zina zoposa 40.

Sitimayo inabwera m'zidutswa-zidutswa, kudzera mu Zambezi ndi Shire, ndipo inalumikizidwa pa Matope m'caka ca 1885. Anaicha Charles Janson, pokumbukira womwalira uja. Tsono sitima ifuna doko lobisika ku mwera, mphepo ija yocokera kum'mwera imene igwedeza nyanja m'miyezi yozizira. Ifunanso malo amene nkhondo siingawafike usiku. Likoma anali nazo zonse ziwiri. M'caka comweco ca 1885 Bishopu Charles Smythies anakambirana ndi Mfumu Chiteji, amene mudzi wace unali kumtunda moyang'anana ndi cisumbu, ndipo analoledwa kumanga. Wansembe George Swinny ndi mkazi wace anali mwa oyamba kukhalapo, ndipo m'caka ca 1886 kunafika Chauncy Maples, amene anakhala mtsogoleri wa malowo.

Malo amene anamangapo anali kuchedwa Chipyela, ndiye kuti popsererapo, cifukwa ndi pamene anthu oganiziridwa ufiti anali kutenthedwa. Anali malo amene munthu wamba sakanafuna kumangapo nyumba kapena kulimapo. Amishoni anaona cisankho cimeneci monga cizindikiro ca kugonjetsa mwambo woipa, ndipo zoonadi kutentha anthu kunatha. Koma eni nthaka naonso sanaluze kanthu popereka malo oopedwa kwa alendo.

Apa mpofunika kuima pang'ono ndi kufunsa cimene Chiteji anapereka. Mwa mwambo wa Anyanja, monganso wa Acewa ndi Ansenga, mlendo akapempha malo, mfumu imlozera pomanga, ndipo mlendoyo apereka kamphatso kothokoza. Nthaka siigulitsidwa, ikhalabe ya mfumu ndi anthu ace, ndipo mlendo akacoka ibwerera kwa eni. Akulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Chiteji anali ndi zifukwa zomveka zolandirira alendowa. Anali ndi nsalu, mankhwala ndi sitima, ndipo mwina kukhalapo kwao kukanacititsa Magwangwara kuganiza kawiri. Cimene mfumuyo sikanatha kudziwa ndi cakuti ku London ndi ku Lisbon kunali anthu amene anali kuwerenga nyumba iri yonse ya Mzungu monga umboni wakuti dziko limenelo ndi la mfumu ya kwao. Mame amenewa sanakamuke.

Zaka zoyamba zinali za imfa ndi zobvuta. Amishoni anali kuganiza kuti mphepo ya pa cisumbu idzawateteza ku malungo, koma sizinatero. Swinny anamwalira ku Bandawe m'caka ca 1887, ndipo ena anamtsatira motsatizana. M'caka ca 1888 Johnson, pamodzi ndi John Buchanan amene anali kuimira boma la Britain, anagwidwa kwa Makanjira, nabvulidwa zobvala, ndipo anamasulidwa atalipira dipo. M'caka ca 1892 moto unabuka kawiri pa Chipyela, nutentha chalichi ndi nyumba zambiri za udzu pamodzi ndi mabuku. Ndi moto umenewu umene unaphunzitsa amishoni kumanga ndi miyala, imene pa Likoma siisowa.

Mabuku akale a mbiri imeneyi amadzaza masamba ndi maina a Azungu, koma nchito yaikulu ya tsiku ndi tsiku inali m'manja mwa anthu akuda. Sitima ya Charles Janson inali kuyenda m'midzi ya m'gombe, kuima tsiku limodzi kapena awiri ndi kupitirira. Amene anali kutsala m'midzimo, kuphunzitsa ana pansi pa mtengo ndi kukambirana ndi mafumu, anali aphunzitsi Aciafrika. Oyamba anacokera ku Zanzibar, ndipo ambiri a iwo anali anthu oomboledwa ku ukapolo ali ana. Wodziwika koposa ndi Augustine Ambali, amene anakhala zaka zambiri pa Msumba, nadzakhala wansembe, nalembanso buku la moyo wace lochedwa Thirty Years in Nyasaland. Yohana Abdallah, Myao, anadzozedwa unsembe m'caka ca 1898 nayang'anira mishoni ya Unangu. Popanda anthu otere, sitima ikanangokhala yoyendayenda pamadzi.

Pa cisumbu pomwepo panaikidwa makina osindikizira, ndipo anyamata a pa Likoma anaphunzira kusanja zilembo. Kuyambira 1893 kufikira 1895 Maples anaturutsa nyuzipepala ya Cingerezi yochedwa Nyasa News. Johnson, wa diso limodzi uja, anagwira nchito yomasulira Baibulo m'Cinyanja ca ku gombe la kum'mawa, ndipo lonse linatha m'caka ca 1912. Cinyanja cimeneco cisiyana ndi ca ku Chipata kapena ku Katete m'mau ena ndi m'kachulidwe, kotero kuti mabuku a ku Likoma sanafalikire kweni-kweni kunja kwa machalichi a Anglican. Kwa anthu a m'gombe, anali mabuku oyamba olembedwa monga iwo eni alankhulira.

Pamene izi zinali kucitika, maiko a ku Ulaya anali kukangana za mwini wa nyanja. Apwitikizi anati dziko lonse la pakati pa Mozambique ndi Angola linali lao kuyambira kale. Angerezi anayankha kuti amishoni ndi amalonda ao ndiwo anali kukhalamo. M'caka ca 1889 asilikari a Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo ku Shire, ndipo m'January 1890 boma la Britain linalamula Portugal kucotsa ankhondo ace, apo ai kukhala nkhondo. Portugal inagonja. M'July 1890 Britain inapangana ndi Germany za kumpoto, ndipo pa 11 June 1891 inasainirana ndi Portugal pangano la malire.

Pangano limeneli linapereka kwa Apwitikizi cigawo cacikulu ca gombe la kum'mawa, pamodzi ndi mudzi wa Chiteji, Msumba ndi midzi yambiri imene munali sukulu za mishoni. Koma malire anatsata m'mphepete mwa madzi, ndipo Likoma ndi Chizumulu zinatsala m'manja mwa Angerezi, popeza likulu la mishoni yao linali pamenepo. Zisumbuzo zinalowa m'dziko lochedwa British Central Africa, lolamulidwa ndi Harry Johnston, limene m'caka ca 1907 linasinthidwa dzina kukhala Nyasaland. Motero mfumu imene inapereka malo inapezeka m'dziko lina, ndipo malo amene inapereka anapezeka m'dziko linanso. Palibe mfumu ya Anyanja imene inakhala pa bwalo la zokambiranazo.

Anthu a ku Chadiza, Katete ndi Petauke ali ndi cifukwa ca kuikumbukira kalata imeneyi, pakuti ndi yomweyo imene inalemba mzere wocokera kufupi ndi malire a Malawi kukafika ku mtsinje wa Luangwa, umene lero ulekanitsa Zambia ndi Mozambique. Mzere umenewo unadula pakati dziko la Acewa ndi Ansenga, nusiya Mano, likulu lakale la Undi, ku mbali ya Apwitikizi. Banja la pa Likoma limene munda wace unasanduka wa dziko lacilendo linali pa bvuto limodzi ndi banja la ku Chadiza limene ambuye ace anatsala tsidya la mzere.

Poyamba malirewo anali a papepala cabe, ndipo mabwato anapitirira kuoloka monga kale. Zinthu zinasintha pamene kampani ya Apwitikizi yochedwa Companhia do Niassa, imene inapatsidwa dziko la kumpoto kwa Mozambique kuti ililamulire, inafikitsa asilikari ace kunyanja kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Kunabwera msonkho wa nyumba ndi cibalo, ndipo anthu ambiri anathawira ku Nyasaland ndi pa zisumbu, monga makolo ao anathawira Magwangwara. Pakati pa asilikari a kampani ndi amishoni panalibe cikondi. M'November 1911 wansembe Arthur Douglas, mkulu wa sukulu ya aphunzitsi ya St Michael's imene inali ku Kobwe, pa gombe loyang'anana ndi Likoma, anaomberedwa ndi mfuti ndi msilikari Wacipwitikizi, namwalira. Pambuyo pace sukuluyo inasamutsidwa kupita pa cisumbu. Cinthu cina cinacitika m'caka ca 1954, pamene Britain ndi Portugal anapangana kusuntha malire kucoka m'gombe kupita pakati pa nyanja. Kuyambira pamenepo zisumbu ziwirizi zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique mbali zonse.

Kubwerera m'mbuyo pang'ono, m'caka ca 1892 nchito ya kunyanja inapatulidwa ku Zanzibar nikhala ndi bishopu wace-wace. Woyamba, Wilfrid Hornby, anadwala nabwerera kwao asanakhalitse. Waciwiri anali Chauncy Maples yemwe uja, amene anadzozedwa ku London pa 29 June 1895. Pobwerera anafika kum'mwera kwa nyanja, ndipo posafuna kucedwa anakwera kangalawa kacitsulo ka matanga kochedwa Sherriff, pamodzi ndi Joseph Williams ndi amalinyero Aciafrika. Usiku wa pa 2 September 1895 namondwe anawapeza pafupi ndi gombe la dera la Salima, ndipo ngalawa inagubuduka. Amalinyero anasambira nafika kumtunda. Maples anali wodziwa kusambira, koma mkanjo wace wautali wa unsembe unalemera ndi madzi, ndipo anamira pamodzi ndi Williams. Anali ndi zaka 43, ndipo anali atakhala bishopu miyezi iwiri cabe. Mtembo wace unapezeka pambuyo pace nuikidwa ku Nkhotakota. Masiku owerengeka izi zisanacitike, wansembe wina wa pa Likoma, George Atlay, anali ataphedwa ndi Magwangwara kumtunda. Ambiri anayesa kuti mishoni yatha.

M'malo mwace, ndalama za cikumbutso zinasonkhedwa ku England ndipo zinagula sitima yaciwiri, yaikulu koposa, imene inachedwa Chauncy Maples. Inapangidwa ku Glasgow, niphwasulidwa m'zidutswa 3,481 zonyamulika. Cidutswa cimodzi sicikanatheka kugawidwa, ndico boila, cimphika cacitsulo cophikiramo nthunzi yoyendetsa makina, colemera matani 11. Pa mathithi a Shire, pamene ngalawa sizipita, cinakwezedwa pa ngolo nicikokedwa pamtunda ndi amuna Acingoni 450. Atafika nazo, amisiri anapeza kuti manambala olembedwa pa zidutswa anafafanizika ndi mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo anayenera kuyesa cidutswa ndi cidutswa kufikira zitagwirizana. Sitimayo inalowa m'madzi m'June 1901, nikhala chalichi, sukulu ndi cipatala coyenda. Nthawi yomweyo dokotala Robert Howard, amene anafika m'caka ca 1899, anaumirira pa nyumba zabwino, maukonde a udzudzu ndi kwinini, ndipo imfa za amishoni zinacepa.

Chalichi lalikulu la St Peter linayambidwa pa Chipyela pomwepo. Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko m'January 1903, ndipo woyang'anira mamangidwe anali Frank George. Miyala inaphwanyidwa pa cisumbu, koma zambiri zotsala, monga mitengo ndi zipangizo zina, zinacokera kutsidya kwa madzi. Amuna ndi akazi a pa Likoma ananyamula miyala ndi dothi pamutu, ndipo anyamata amene anayamba monga othandiza anatha nchitoyo ali amisiri a miyala ndi a matabwa. Mapemphero anayamba kucitikiramo m'caka ca 1905, ndipo linapatulidwa kotheratu m'November 1911. M'kati mwace muli mtanda wosemedwa ndi mtengo wocokera kwa Chitambo, m'dziko la Zambia, kumene Livingstone anamwalira m'caka ca 1873.

Munthu angafunse ngati kunali kwanzeru kumanga nyumba yotere pa cisumbu cosatha kudzidyetsa cokha, pamene midzi yambiri ya mishoni inali m'maiko a Apwitikizi ndi Ajeremani. Funsoli liri ndi maziko, ndipo m'kupita kwa nthawi likulu la dayosizi linasamukiradi kumtunda. Koma pa zaka zimenezo Likoma anali ngati boma pa yekha. Bwanamkubwa anali kutali ku Zomba, ndipo sukulu, cipatala, nchito ya malipiro, sitima yobweretsa makalata, ngakhale kuweruza milandu yambiri, zinali m'manja mwa mishoni. Mphamvu zotere zikaunjikana pa khomo limodzi, mafumu a midzi amatsala ndi dzina cabe, ndipo munthu wosemphana ndi wansembe analibe kwina kodandaulira. Cimeneci ndico cinali mtengo wa mtendere umene anthu anaupeza.

Phindu lace lalikulu linali sukulu. Pa cisumbu cacing'ono mwana ali yense anali pafupi ndi kalasi, ndipo atsikana naonso anaphunzira pa nthawi imene m'madera ambiri sikunali kotero. Likoma anachuka monga malo amene anthu ambiri anali odziwa kuwerenga ndi kulemba. Koma maphunziro sadyedwa ndi cinangwa cokha, ndipo pa cisumbu panalibe nchito zokwanira. Motero amuna a ku Likoma anabalalika kukakhala makalaliki, aphunzitsi, amisiri ndi othandiza m'zipatala ku Tanganyika, ku Southern Rhodesia, ku South Africa ndi ku migodi ya ku Copperbelt, natumiza ndalama kwao. Mwana wa pa cisumbu cimeneci, Josiah Mtekateka, wobadwa m'caka ca 1903 pamene maziko a chalichi anali kukumbidwa, ndiye anakhala bishopu woyamba Waciafrika wa Anglican m'Malawi m'caka ca 1965.

Mbeu ya ku Likoma inafikanso m'cigwa ca Luangwa. John Edward Hine, amene anali bishopu wa Likoma kuyambira 1896 kufikira 1901, ndiye anasankhidwa bishopu woyamba wa Northern Rhodesia m'caka ca 1910. Posowa anchito, anayang'ana kunyanja kumene anacokera, ndipo amene anabvomera kubwera ndi wansembe Leonard Kamungu, Mnyanja wa ku Chia pa gombe la kum'mawa, wodzozedwa unsembe m'caka ca 1909. Kamungu anafika kwa Msoro, pakati pa Akunda, m'caka ca 1911. Anamanga chalichi, natsegula sukulu m'midzi yozungulira, nayenda maulendo aatali a pansi m'dziko lotentha ndi la zirombo. Anamwalira m'February 1913 atagwira nchito zaka ziwiri zokha, ndipo ambiri anakhulupirira kuti anadyetsedwa mankhwala. Manda ace ali kwa Msoro, kumene lero kuli chalichi lalikulu la Anglican la Cigawo ca Kum'mawa.

Johnson anakhalitsa koposa anzace onse. Sanakonde moyo wa pa Chipyela ndi mabelu ace. Anakonda sitima ndi timidzi ta m'gombe. Anamwalira m'October 1928 ku Liuli, m'dziko la Tanganyika, atakhala m'Africa zaka 52, ndipo anaikidwa komweko.

Malawi atalandira ufulu m'caka ca 1964, Likoma ndi Chizumulu zinakhala pansi pa boma la Nkhata Bay, kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pamene zinapatsidwa boma lao-lao, locepa koposa maboma onse a dzikolo. Cimanga, sopo ndi malata zimabwera pa sitima kucokera ku gombe la kumadzulo, ulendo wa makilomita oposa 60. Koma nkhuni ndi nsungwi zicokerabe kumene zinali kucokera m'masiku a Chiteji, ndipo m'mamawa ngalawa za matanga zimaoneka zikuoloka kucokera ku Kobwe zitalemedwa ndi mitolo, eni ace atanyamula zikalata za pamalire.